Usiku Umene Mtsinje Uyaka Moto ku Disneyland

M'NYENGO ya chuthi ca ana a sukulu, dzuwa likangopendeka mu mzinda wa Anaheim ku California, m'dziko la America, mabanja zikwi-zikwi amayamba kusonkhana m'mbali mwa mtsinje wina wokumbidwa ndi anthu. Ena amakhala pansi, ena amatsamira zitsulo za mpanda, pamene ana amene akhala alikuthamanga kuyambira m'mamawa amatsamira miyendo ya amai ao. Onsewa amadikira ola lathunthu, mwinanso kuposerapo, kuti aone cionetsero cimene sicifika ndi theka la ola lomwe.

Cionetseroco dzina lake ndi Fantasmic!, ndipo cimacitikira m'paki yochuka ya Disneyland, kumene cinayamba pa 13 May 1992. Kwa banja limene lakhala likusunga ndalama kwa miyezi kapena zaka kuti lifike kumeneko, mphindi zimenezi ndizo cimake ca ulendo wonse. Koma ndi mphindi zomwezonso zimene zimaonongeka mosabvuta. Mwana akagwidwa ndi mantha, akagona tulo cionetsero cisanayambe, kapena akasowa m'cinamtindi ca anthu, makolo amabwerera kumalo ao ogona ali khuma, ndalama zitapita kale. Eni paki anaika makina odula kopambana m'madzi ndi pansi pa nthaka, komabe cimene banja limapita naco kwao cimadalira kwambiri pa mmene akulu akonzekeretsera ana ao.

MBEWA YODYETSA ANTHU

Amene anayambitsa pakiyi ndi a Walt Disney, katswiri wa zithunzi zojambula pamanja za m'kanema, amene anabadwa mu 1901 namwalira mu December 1966. Kuchuka kwao kunayamba mu 1928 pamene anatulutsa kafilimu ka Steamboat Willie, m'mene munali kambewa kochedwa Mickey Mouse kalikugwira ciongolero ca sitima ya pamadzi uku kalikuimba likhweru. Kwa anthu a kum'mawa kwa Zambia mbewa ndi ndiwo yokumba m'munda pambuyo pa kukolola, koma mbewa ya a Disney ndiyo yakhala ikudyetsa anthu, pakuti kampani imene inakulira pamsana pake yalemba nchito anthu osawerengeka.

Iwo eni anali kusimba kuti ganizo lomanga paki linawadzera pamene anali kupita ndi ana ao akazi awiri ku Griffith Park mu Los Angeles pa masiku a Ciweru. Anawo anali kukwera akavalo a mitengo oyenda mozungulira, pamene atate ao anali kungokhala pa benchi, kumadya nshawa, opanda cocita. Pamenepo anaona kuti panafunika malo amene makolo ndi ana angasangalalire pamodzi, m'malo moti wina azisewera wina n'kumangolondera. Mu 1951 anakaona munda wa zosangalatsa wa Tivoli ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, umene unatsegulidwa mu 1843 ndipo umadziwika ndi nyali zake za usiku, ndipo ukhondo ndi dongosolo la kumeneko zinawagwira mtima.

Motero anagula minda ya malalanje yokwana maekala 160, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 40 kucokera pakati pa mzinda wa Los Angeles, ndipo ataonongerapo madola 17 miliyoni anatsegula Disneyland pa 17 July 1955. Mu 1955 momwemo mtsinje uja unalipo kale. Dzina lake ndi Rivers of America, ndipo umazungulira cisumbu cochedwa Tom Sawyer Island, kumene ana amaoloka pa ziphaka masana kukasewera m'mapanga ndi pa maulalo ogwedezeka. Mu 2023 alendo amene analowa m'pakiyi anaposa 17 miliyoni, ciwerengero cosatalikirana kwambiri ndi ca anthu onse a mu Zambia, amene pa kalembera wa 2022 anapezeka kuti ndi oposa 19 miliyoni.

CIFUKWA CAKE NDI USIKU

M'zaka zoyamba eni paki anaona bvuto limodzi, lakuti dzuwa likalowa anthu anali kunyamula ana ao n'kumapita kwao. Kwa munthu wa malonda ici cinali cotayitsa ndalama, pakuti mlendo amene wakhala kufikira usiku amadya cakudya camadzulo momwemo, amagulira ana zidole ndi zipewa, ndipo kawiri-kawiri amagona m'hotela ya pafupi kuti abwerenso m'mawa mwake. Kunafunika cinthu coti cimugwire mwendo.

Kaamba ka ici, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kuphulitsa makombola, ndiwo moto uja wokwera m'mwamba ndi kuphulika ngati maluwa, pamwamba pa nyumba yacifumu imene iri pakati pa paki. Mu 1961 anaonjezapo cina codabwitsa. Mai wina wa maseweri a pa cingwe, Tiny Kline, amene panthawiyo anali ndi zaka za m'ma 70, anayamba kutsetsereka pa waya kucokera pamwamba pa phiri lomangidwa la Matterhorn, lotalika mamita 45, atabvala ngati kamzimu ka mapiko ka m'nthano kochedwa Tinker Bell. Ana amene anali pansi sanadziwe kuti amene alikuuluka pamwamba pao ndi munthu wa msinkhu wa ambuye ao. Pa 17 June 1972 kunayambanso ligubo la usiku la Main Street Electrical Parade, la ngolo zokutidwa ndi timababu ta magetsi pafupi-fupi 500,000.

Komabe mbali ya kumtsinje inali kukhala zii usiku. Cisumbu cinali kutsekedwa mdima ukayandikira, ndipo nyumba zodyeramo za m'mbali mwa madzi zinali kusowa anthu. Fantasmic! anaikonza kuti idzaze malo amenewa. Amene anatsogolera nchito yolinganiza seweroli ndi mai Barnette Ricci, amene anayamba nchito m'pakiyi monga wobvina, ndipo nyimbo zake analinganiza ndi a Bruce Healey. Anthu atacikonda, cina cofanana naco cinatsegulidwa ku Florida mu October 1998, m'bwalo la mipando pafupi-fupi 6,900. Koma ku California, kumene cinayambira, anthu ambiri amaonera ali cikhalire pansi kapena ali ciimire.

KUDIKIRA

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo banja limene lifuna malo abwino limaphunzira tanthauzo la mwambiwu. M'miyezi ya June ndi July, pamene masukulu a ku America amakhala otseka, dzuwa limalowa ca m'ma 8 koloko madzulo. Pa masiku a anthu ambiri cionetsero cimacitika kawiri, kawiri-kawiri pa 9 koloko ndi pa hafu pasiti 10 usiku, ndipo pakati pake pamakhala makombola a ku nyumba yacifumu.

Nthawi isanakwane, ziphaka zimaleka kuolotsa anthu ndipo cisumbu cimasanduka bwalo la sewero. Anchito amamanga zingwe zogawa malo, kusiya tinjira topitamo anthu. Nsanja zonyamula nyali, zimene masana zimabisika pansi pa nthaka kuti zisaononge maonekedwe a malowo, zimatumphuka pang'ono-pang'ono. Malo ena abwino amasungidwira anthu amene alipiriratu cakudya m'nyumba zodyeramo zosankhidwa, ndipo otsala onse amapita kwa amene wayamba kufika.

Apa ndipo pamayambira mayeso a banja. Ana akhala pa dzuwa tsiku lonse, aima m'mizere yaitali, ayenda mtunda umene sayenda masiku onse, ndipo tsopano auzidwa kuti akhale pansi osasuntha. Atate akanyamuka kukagula cakumwa, amai amatambasula miyendo ndi zikwama kuti malo asalandidwe. Kamphepo kozizira ka kunyanja kamayamba kuomba, pakuti ku California ngakhale masana kutenthe bwanji usiku kumazizira, ndipo amene anasiya majuzi ku hotela amayamba kukumbatira ana ao. Ndiyeno nyali zonse za m'mbali mwa mtsinje zimazima nthawi imodzi, ndipo phokoso la anthu zikwi-zikwi limaleka ngati ladulidwa ndi mpeni.

NTHANO YAKE

Nkhani ya seweroli ndi yosabvuta kumva, ngakhale kwa munthu wosadziwa Cizungu. Mickey aligone ndipo alikulota. Amaonekera yekha pa cisumbu, kanthu kakang'ono pakati pa mdima, ndipo akakweza dzanja madzi a mumtsinje amakwera, akalitsitsa amatsika, monga mmene oimba amamverera wowatsogolera. M'nsonga za zala zake mumatuluka mbaliwali za moto. Zimenezi zinatengedwa m'filimu ya mu 1940 ya Fantasia, m'mene Mickey anali wophunzira wa munthu wamatsenga.

Maloto amayamba bwino. Pamaoneka maluwa alikuphuka, cinsato cacitali cikukwawa pa cisumbu maso ake alikuwala, anyani alikubvina pa ziphaka zoyandama, ndi njobvu za mtundu wosaoneka m'thengo liri lonse, zocokera m'filimu ya Dumbo ya mu 1941. Namondwe akaomba, pamatulukira combo cacikulu ca matanga, anthu alikumenyana ndi malupanga pa milongoti yake ndi kulendewera pa zingwe pamwamba pa madzi. Pambuyo pake pamadutsa ana akazi a mafumu ndi okondedwa ao, alikubvina mwakacetecete pa ziphaka zoyaka nyali.

Kenaka maloto amasanduka oipa. Mfumukazi yanjiru ya m'filimu ya Snow White ya mu 1937 imadzisandutsa nkhalamba yoopsa pa mphika wa mankhwala, niitana anzake oipa kuti alande maloto a Mickey. Wotsiriza ndi woopsa koposa onse ndi mfiti yaikazi yochedwa Maleficent, ya m'filimu ya Sleeping Beauty ya mu 1959. Iyo imakwera m'mwamba, niyatsa mtsinje, kotero kuti malawi amathamanga pamwamba pa madzi ndipo kutentha kwake kumafika pa nkhope za oonerera. Mickey amaima nji, nakumbukira kuti malotowo ndi ake, ndipo mfitiyo imagonja. Pomaliza pamabwera sitima yoyera ya nthunzi itadzala ndi anthu onse a m'nthano za Disney alikukupiza nsaru, woiyendetsa ali Mickey yemwe uja wa mu 1928, wakuda ndi woyera monga mmene anaonekera m'kafilimu koyamba.

MMENE ZIMACITIKIRA

Cimene cinadabwitsa anthu kopambana mu 1992 ndi zithunzi zooneka m'malere popanda nsaru kapena cipupa. Cinsinsi cake ndi madzi. Mapampu amphamvu amakankha madzi a mumtsinje momwemo kupyola pa kamwa yopapatiza, ndipo madziwo amamwazika m'mwamba ngati theka la licero loimiritsa, lotalika mamita 9 ndi kutambasuka mamita 18. Zoterezi ziripo zitatu, kuti aliyense aone kuli konse kumene wakhala. Makina oonetsa kanema amakhala kuseri, ndipo kuwala kwake kukagwera pa timadontho tating'ono-ting'ono cithunzi cimaoneka cikulendewera mumdima. Amene anaonapo utawaleza wa usiku pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mwezi uli wathunthu adziwa kale kuti nkhungu ya madzi imatha kugwira kuwala. Poyamba anali kugwiritsa nchito filimu yaikulu ya mamilimita 70, koma pambuyo pake anaikapo makina oyendetsedwa ndi kompyuta.

Ubwino wa nsaru yamadzi ndi wakuti pampu ikazima imagwa nthawi yomweyo, ndipo njira imatseguka yoti combo cidutse. Kuipa kwake ndi kwakuti imafuna mdima weni-weni ndiponso imadana ndi mphepo. Mphepo ikaomba cithunzi cimapindika, ndipo madzi amawaza anthu okhala kutsogolo, amene anadikira nthawi yaitali koposa onse.

Moto wa pamadzi suli matsenga ai. Pansi pa mtsinje pali mipope ya mpweya wa gasi. Mpweyawo ukatsegulidwa umabwadamuka kufika pamwamba, kumene umayatsidwa, ndipo mpope ukatsekedwa moto umazima. Zombo ziwiri zija nazonso siziyenda mwa kufuna kwa woyendetsa, koma zimatsata njanji imene iri pansi pa madzi, ndipo madziwo amawathira utoto kuti njanjiyo isaoneke. Sitima yoyera, yochedwa Mark Twain, yakhala pa mtsinjewu kuyambira 1955 ndipo injini yake ndi ya nthunzi yeni-yeni. Combo ca matanga, Columbia, cinafika mu 1958, ndipo anacipanga motsanzira combo coyamba ca ku America kuzungulira dziko lonse lapansi, cimene cinatsiriza ulendowo mu 1790. Masana zombo zonse ziwiri zimanyamula alendo wamba.

Mitundu ya makombola imacokera ku miyala ya m'nthaka. Strontium ndiye amapatsa kufiira, barium kubiriwira, sodium cikasu, ndipo mtundu wa thambo, umene akatswiri amati ndiwo wobvuta koposa kuupanga, umacokera ku mkuwa, wonga womwe uja ukumbidwa ku Migodi. Mu 2004 kampani ya Disney inayamba kuponya makombola ake akulu m'mwamba ndi mpweya wopanikizidwa m'malo mwa wonga wa mfuti, kuti utsi ndi phokoso zicepe, pakuti pakiyi yazingidwa ndi nyumba za anthu. Ngakhale ziri tero, mphepo ya m'mwamba ikakula makombola a ku nyumba yacifumu amaimitsidwa, nthawi zina anthu atakhala kale pansi.

Nyimbo, madzi, nyali ndi moto zimayendera pamodzi mwa lamulo la makompyuta, koma kuseri kwa zonsezi kuli anthu makumi-makumi. Obvina amaponda pa matabwa onyowa a ziphaka zoyenda, mumdima, atabvala zinyau zolemera zimene amaonera pa kabowo kakang'ono. Ena amayendetsa ziphakazo, ena amasunga zingwe, ndipo ena amangoyang'anitsitsa moto, ali ndi mphamvu yoimitsa zonse akaona cacilendo. Oonerera saona nkhope zao ndipo sadziwa maina ao.

USIKU UMENE CINJOKA CINAPSA

Kwa zaka zambiri cimake ca seweroli cinali pamene mfiti ija inali kusanduka cinjoka colabvula moto. Mu 2009 anaikapo cinjoka catsopano coyenda ndi makina, cotalika mamita 14, cimene cinali kutuluka m'dzenje la pa cisumbu. Usiku wa pa 22 April 2023, pa cionetsero caciwiri, mutu wake unagwira moto, ndipo m'kanthawi kocepa thupi lonse linali lawi lokha-lokha. Ambiri mwa oonerera poyamba anayesa kuti ndi mbali ya sewero, kufikira nyimbo zitaleka ndi mau atamveka pa zokuzira mau kuti cionetsero sicipitirira. Anchito anacotsa anthu m'malo oyandikira, ozima moto a mzinda wa Anaheim anafika nauzima, ndipo palibe mlendo amene anabvulala.

Kampani inayamba yaimitsa moto wa mtundu womwewo m'mapaki ake ena, ndipo Fantasmic! ya ku California inakhala yotseka kwa caka cathunthu ndi mwezi umodzi. Pamene inabwerera pa 24 May 2024, cinjoka ca makina cinalibepo. M'malo mwake mfitiyo imakwezedwa pa nsanja yaitali n'kumenyana ndi Mickey iri pamwambapo. Aka sikanali koyamba kuti mtsinje ukhale duu usiku. Kuyambira January 2016 kufikira July 2017 cionetsero cinaima pamene anali kufupikitsa mtsinjewo kuti apeze malo omangapo zatsopano, ndipo mliri wa Covid-19 utatseketsa paki yonse mu March 2020, sicinaonekenso kufikira May 2022. Mabanja amene anakonza maulendo ao m'nyengo zimenezi anapeza madzi okha. N'cifukwa cake odziwa amayamba afunsa masiku a cionetsero asanagule matikiti, pakuti kunja kwa nyengo ya chuthi sicicitika usiku uli wonse.

MTENGO WAKE

Cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Mu 1955 munthu wamkulu anali kulipira dola imodzi pa cipata, ndipo ciriconse cokwera cinali ndi malipiro ake. Kuyambira 1982 tikiti imodzi inayamba kukwanira zonse, kuphatikizapo zionetsero za usiku. Koma mtengo wake wakhala ulikukwera. Mu October 2024 tikiti ya tsiku limodzi ya munthu wamkulu inali pakati pa madola 104 ndi madola 206, malinga ndi tsiku, ndipo masiku odula ndi omwe aja ana a sukulu amakhala pa chuthi. Ana osafika zaka zitatu amalowa ulere, a zaka zitatu kufikira zisanu ndi zinai amacotseredwa pang'ono cabe, ndipo wa zaka khumi amawerengedwa ngati wamkulu.

Ndiye kuti pa mitengo ya caka cimeneco, atate, amai ndi ana awiri anali kusiya madola pafupi-fupi 800 pa cipata pa tsiku lodula, asanadye kanthu, asanalipire pogona ndi ulendo. Banja limene lalipira cotere limafuna kuti ndalama yake igwire nchito. Limalowa cipata cikangotsegulidwa, limathamangira cokwera ciriconse, ndipo silifuna kumva za kupumula. Zotsatira zake zimaoneka pa 9 koloko usiku, pamene mwana amene ulendo wonse unakonzedwera iye ali m'tulo tofa nato, kapena alikulira kosatonthozeka cifukwa ca kutopa.

MWANA NDI MDIMA

Mwana wa zaka zitatu kapena zinai sanafike posiyanitsa bwino ca m'sewero ndi ceni-ceni. Kwa iye mfiti yotalika ngati nyumba, yoseka ndi mau ogwedeza cifuwa pakati pa usiku, ndi mfiti ndithu, ndipo moto umene akumva kutentha kwake pa masaya ndi moto woti umuoche. Mkulu wake wa zaka zisanu ndi zitatu amakondwa ndi zomwezo, pakuti mantha amene munthu adziwa kuti adzatha amakoma. Motero ana a mimba imodzi, okhala pa malo amodzi, amaona zinthu ziwiri zosiyana.

Kuopseza ana ndi nkhani usiku si cinthu cacilendo. M'midzi ya Acewa, Ansenga ndi Angoni nthano zinali kusimbidwa usiku pa moto, ndipo munali zimphona, afisi ndi mfiti zosacepa kuopsa kwake. Koma wosimba nthano anali kuona nkhope za omvera ake. Akati "Padangokhala," ana anali kuyankha kuti "Tiri tonse," ndipo akamva kuti liu la kamwana kena layamba kunjenjemera, anali kufewetsa mau, kuponyamo nyimbo, kapena kufulumiza kuti kalulu apambane. Makina a pa mtsinje wa ku Anaheim alibe maso otere. Amacita cimodzi-modzi usiku uli wonse, kaya mwana alire kaya aseke. Nchito yoyang'ana nkhope ya mwana imatsalira amene wamufungata.

Makolo ozolowera malowa ali ndi njira zao. Amabwerera ku hotela masana dzuwa likakula kuti ana agoneko, n'kulowanso madzulo ndi tikiti yomweyo. Amasimbira mwana nkhani yonse kukali kowala, osabisa kuti kudzabwera mfiti ndi moto, ndiponso kuti Mickey ndiye adzapambana. Wamng'ono amamubveka zotseka m'makutu, ndipo amasankha malo a kumbuyo, pafupi ndi njira, kumene madzi safika ndiponso kumene munthu atha kucoka msanga zinthu zikabvuta. Amene ali ndi ana okulirapo amadikira cionetsero caciwiri, pakuti anthu amakhala atacepa. M'thumba la mwana aliyense amaikamo kapepala ka nambala ya lamya, namuonetsa cizindikiro ca dzina cimene wanchito aliyense wa m'paki amabvala pa cifuwa, kuti akasocera apite kwa munthu wotero. Ana osocera amasungidwa m'nyumba yapadera ca kumapeto kwa mseu wa Main Street kufikira eni ake atawapeza.

Palinso za ulemu kwa anzako. Atate akakweza mwana pa mapewa, mabanja atatu a kumbuyo saonanso kanthu, pamene kumunyamula pa cifuwa kumamufikitsa pa msinkhu wa munthu wamkulu popanda kuchinga ena. Masiku ano cochinga cina ndi malamya a m'manja. Nyali zikangozima, timagalasi towala mazana-mazana timakwera m'mwamba, ndipo makolo ambiri amatha mphindi zonsezo maso ali pa kagalasi, kujambula cinthu cimene cinajambulidwa kale bwino ndi akatswiri ndipo ciri pa intaneti. Mwana akatembenuka kuti aone ngati atate ake aona cimene iye waona, amapeza nkhope yobisika kuseri kwa lamya. A Disney anamanga paki kuti kholo licoke pa benchi, koma benchiyo yapeza njira yobwerera.

POTULUKA

Makombola otsiriza akaphulika ndi Mickey atazimiririka pamwamba pa cisumbu, nyali zimayaka ndipo khamu lonse limanyamuka nthawi imodzi. Iyi ndiyo mphindi imene ana amasocera kopambana, pakuti tinjira ta m'mbali mwa mtsinje ndi topapatiza, ndipo anchito okhala ndi timiuni m'manja amalozera anthu onse mbali imodzi. Banja lanzeru limakhalabe pansi kwa mphindi khumi kufikira cigulu citapita. M'mphindi zimenezo mwana amayamba kufunsa kuti moto uja unapita kuti, kuti nsomba sizinapse kodi, ndiponso kuti mfiti ija igona kuti usiku uno. Kholo limene linali kuyang'ana limakhala ndi coyankha.

Pambuyo pake pamakhala ulendo wautali wa pansi kupita ku cipata, ana ogona ali pa mapewa ndi kumsana, nsapato zao ziri m'manja mwa amai ao. Paki ikatsekedwa gulu lina la anchito limalowa. Amatsuka miseu ndi madzi a m'mipope, amaona mapampu ndi mipope ya gasi, amatsitsira nsanja za nyali m'maenje ao ndi kucotsa zingwe zonse. Pofika m'mawa ziphaka zimakhala zayambanso kuolotsa ana kupita ku cisumbu, ndipo sitima ya Mark Twain imaliza belu lake kuitana alendo oyamba.